Minibasi ya Agogo

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife tadzuka, koma ine ndakwiya kwambiri. Nkhani ndi ya mwana wanu uja munandisiyira. Pano onse akumutcha Jekete, chifukwa chipezereni ganyu yoyenda khomo ndi khomo kukopa anthu kuti akalembetse mavoti, jekete savula ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Bambo anapita kukalembetsa pasukulu yapafupi ija. Zala zawo mukuzidziwa, simenti inazidya mpaka zinasalala ngati sopo. Makina owerenga zidindo za zala anawakana, olembetsawo nkuwauza kuti abwerenso mawa. Jekete atamva anabwera, kugwada ndithu: "Agogo, musavutike pamzere. Kuli malo ena makina ake savuta, ndikuperekezani pa galimoto." Bambo anavala malaya awo oyera, nkumauza aliyense kuti mdzukulu wawo ndi munthu tsopano.

Achemwali, minibasi yonse inali nkhalamba zokhazokha! Anakazilembetsa kutali, kutsidya kwa tauni, kudera kumene akupikisana bwana amene anamulemba Jekete ganyuyo. Ndiye kuti Bambo sangavotenso kuno. Inu mukudziwa momwe akhala akudikira tsiku lochotsa khansala amene analekerera ngalande mpaka madzi kulowa kuchipinda kwawo.

Nditamufunsa, mwanayo anayankha maso ali gwa: "Mayi aang'ono, aliyense akuchita zomwezo. Tsiku lovota minibasi ibweranso, bola agogo adziwe pochonga." Ha! Mwana amene ndinkamuchapira matewera ine, kugulitsa agogo ake ngati nkhuku!

Sindikubisirani, ndinakamunenera ku ofesi yoona zachisankho. Anati Bambo akangofotokoza amene anawatenga, dzina lawo libwerera kuno, koma mwanayo akayankha mlandu. Dzulo ndinapita nawo. Mayi wa mu ofesiyo anafunsa kuti, "Agogo, anakutengerani kumeneko ndani?" Bambo anayankha kuti, "Palibe, mwana wanga. Ndinakwera ndekha." Voti yawo inathera pomwepo, ine misozi ili chuchuchu.

Muimbireni foni mwana wanu, ine pakamwa panga sipangatuluke zabwino. Mupereke moni kwa alamu. Bambo akuti moni wambiri, akuti ali bwino, ndiponso andipempha kuti ndisakuuzeni chilichonse.

Ndine mng'ono wanu,
Telala wa pakhonde