Keke Yophwa Pakati

Gulu: chakudya cha holide
Mayi Aakulu, Anti Telala, Ine

LACHISANU

09:12 Mayi Aakulu: Duu chitini chophikira keke chafika?

09:13 Ine: chafika mayi aakulu zkm. abambo abwera nacho asanapite kuntchito

09:14 Mayi Aakulu: Chitini chimenecho ndi cha malemu mayi ako. Ndakubwereka IWE. Uvuni wanga ukanapanda kufa sichikanatuluka m'nyumba muno

09:14 Ine: ndamva

09:21 Anti Telala: mwadzuka bwanji achemwali. nkhuku ziwiri ndaziviika kale mu adyo ndi mandimu. mpunga ndi saladi ya kabichi ndipanga mawa. mbatatesi mubwera nazo ndinu?

09:23 Mayi Aakulu: Achemwali anu ndani? Mng'ono wanga anali mmodzi, tinamuika. Inu ndinu akazi a bambo ake a Duu basi

09:24 Anti Telala: chabwino. mbatatesi?

09:26 Mayi Aakulu: Ndibwera nazo. Bola tipeze chodya. Nkhuku zanu za chaka chatha zija tinkatafuna ngati lamba wa mashini anu osokera

09:27 Anti Telala: komatu ntchafu ziwiri zinalowa m'chikwama chanu kkkk

09:27 Mayi Aakulu: Ndinatengera galu

09:35 Ine: keke tiyamba masana

09:36 Mayi Aakulu: Tiyamba ndi ndani?

09:40 Ine: anti angondithandiza kusakaniza majarini ndi shuga. dzanja langa limatopa msanga

09:42 Mayi Aakulu: Chimwalirireni mayi ako keke ya malalanje ndimaphika ndine, ndipo imafufuma mpaka kusefukira. Musandichititse manyazi. Ikapsa ndione chithunzi

09:43 Ine: ok

15:05 Mayi Aakulu: Chithunzi

15:31 Mayi Aakulu: Duu

15:33 [foni ya Mayi Aakulu, sinayankhidwe]

15:40 Anti Telala: [chithunzi]

15:40 Anti Telala: nayo. musavutitse mwana

15:41 Mayi Aakulu: Ichi n'chiyani?

15:41 Mayi Aakulu: Keke kapena beseni? Wina anakhalapo?

15:43 Anti Telala: yaphwa pakati. chachitika sindikuchidziwa. ndinaisiya ikufufuma bwinobwino, ndinangolowa pabalaza kukayeza kasitomala diresi

15:44 Mayi Aakulu: Ndiye muisoke pakatipo, paja ndiyo ntchito yanu

15:45 Anti Telala: keke ndakhala ndikuphika inu musanandidziwe. sinandiphwerepo

15:46 Mayi Aakulu: Chitini chakukanani. Chikudziwa manja a mwini wake

15:48 Mayi Aakulu: Ndinene poyera. Chinthu chimenechi chikafika patebulo la mng'ono wanga mawa, ine sindiponda pakhomopo

15:50 Anti Telala: tebulo limenelo ndimalipukuta ine tsiku lililonse. mwendo wake utagwedera ndinaitana kalipentala ndine

15:51 Mayi Aakulu: Wopukuta si mwini

15:55 Anti Telala: basi ndatopa. zaka ziwiri ndikumeza mate. mawa m'mawa ndipita kwa achimwene anga, mudye mwamtendere ndi chitini chanucho. nkhuku zili mu furiji, muwotche nokha

15:56 Mayi Aakulu: Muyende bwino

15:58 Ine: [uthenga wafufutidwa]

15:59 Ine: [uthenga wafufutidwa]

16:00 Mayi Aakulu: Duu lankhula. Akukuopseza kumeneko?

16:04 Ine: si anti

16:04 Ine: ndine. ndinatsegula uvuni keke isanapse

16:05 Anti Telala: iwe Duu. ndinakuuza kangati kuti ikamafufuma chitseko sitikhudza

16:06 Ine: ndikudziwa

16:07 Ine: ndinachita dala

16:07 Anti Telala: dala??

16:08 Anti Telala: oho. ndiye munapangana eti

16:09 Mayi Aakulu: Mwana wanga sangachite zimenezo. Mwamuuza zolemba inu

16:10 Anti Telala: ndimuuza bwanji munthu wadzikhomera kuchipinda. ine ndikutukwanidwa pano iye akuwerenga ali phee pabedi

16:11 Anti Telala: Duu yunifolomu yako yolembera mayeso ndinasoka ine. ndinakulakwira chani? tsegula chitsekochi undiyang'ane kumaso

16:12 Ine: sindingathe

16:12 Ine: dikirani pls

16:26 Ine: [uthenga wa mawu, 1:04]
"pepani ndikulankhula pansipansi. keke ya amayi... sinkafufuma ayi. inkaphwa pakati chaka chilichonse, mayi aakulu mukudziwa. koma chifukwa chake simudziwa. ine ndinkakhala pansi pafupi ndi uvuni, ndiye galasi lake lija ndi lakuda, sindinkaona kanthu. kupempha sindinkapempha, paja ndine Duu. amangondiyang'ana n'kunena kuti bwera udzaone mwana wako akukula. n'kutsegula pang'ono. mpweya wotentha wa malalanje n'kundimenya kumaso. amadziwa kuti iphwa. kenako padzenjepo amathira kasitadi, pakatipo n'kukhala panga."

16:29 Ine: mayi aakulu keke yanu imakoma. koma ndi yanu. ndimadya chaka chilichonse koma amayi sindiwapezamo

16:31 Ine: mawu awo ndayamba kuwaiwala. sindinauzepo munthu. lero fungo litayamba ndinangopezeka ndakhala pansi paja

16:32 Ine: anti sory. ndinkaopa kuti ndikakuuzani muona ngati ndikukuyerekeza ndi iwo

16:50 Anti Telala: ukanandiuza basi. ndanyozedwa ngati kamwana iwe uli chete

16:51 Ine: ndikudziwa. ndine wamantha

17:14 Anti Telala: fulawa watsala ndi mazira atatu. ndiphike ina?

17:15 Ine: ayi pls. isiyeni yomweyo

17:16 Anti Telala: ndaivundikira ndi mbale. koma chikwama changa ndalongedza kale. sindingakhale patebulo pomwe munthu akundiwerengera masupuni

17:30 Ine: mayi aakulu mwamvera?

18:05 Ine: mayi aakulu

18:40 Ine: zikuonetsa kuti mwamvera

LOWERUKA

06:55 Ine: mwadzuka bwanji mayi aakulu

07:40 Anti Telala: Duu kabichi ndakudulira, ali m'mbale yabuluu. mpunga usaiwale kutsuka kawiri. basi yanga ndi ya 10

07:41 Ine: anti musapite

07:43 Anti Telala: bambo ako ndawauza. akuti zachizimayi sazilowerera. akutsuka galimoto yotsuka kale

07:44 Ine: mukachoka ndidya ndi ndani. abambo amangoyang'ana m'mbale

07:45 Anti Telala: uli ndi mayi aakulu ako

07:46 Ine: nawonso sakundiyankha

08:10 Ine: mayi aakulu ndilemba kamodzi kokha. keke ikhala patebulo mmene ililimo. anti nawonso ndikufuna akhalepo. mpando wanu ndaika pazenera pomwe mumakonda. mukapanda kubwera ukhala choncho, sindiuchotsa

08:58 Mayi Aakulu: Wayamba mwano eti. Sukulu imeneyi

08:59 Ine: pepani

08:59 Ine: koma sindisintha

09:20 Mayi Aakulu: [uthenga wa mawu, 0:37]
"Iwe. Zaka zonse zija ine ndinkamuseka mayi ako pamaso pa alendo. Ndinkati uyu keke inamukana, angodziwa kudya. Iye amangoseka. Kasitadi ujatu ndinamuuza ndine, kuti abise manyazi. Atamwalira ndinati basi ndizimuphikira yabwino, anthu aiwale zija. Kumeneko ndinkati ndikumulemekeza. Wopusa uja, osandiuza ngakhale kamodzi kuti... aaa. Iyayi."

09:22 Ine: ndiye mubwera?

09:35 Ine: mayi aakulu?

09:41 Mayi Aakulu: Kasitadi muli naye wotani kumeneko

09:43 Anti Telala: wa m'paketi. ali pamwamba pa furiji, Duu akudziwa

09:43 Mayi Aakulu: Ndinadziwa. Wa m'paketi. Ngati phala la kuchipatala

09:44 Anti Telala: si nkhani yanganso. Duu ndanyamuka, kiyi ndasiya pansi pa chopondera

09:45 Ine: anti dikirani ndikuvala nsapato

09:45 Ine: anti

09:49 Mayi Aakulu: [uthenga wa mawu, 0:21]
"Atelala, ndikukuonani pagetipo. Ndili kutsidya kwa msewu. Ikani chikwamacho pansi mudzandilandire mazirawa, mphika wa mbatatesi ukunditentha pamkono. Simupita kulikonse. Nkhuku zanu zoumazo mukufuna aziti ndawotcha ine?"

09:50 Anti Telala: kupepesa kwake n'kumeneko?

09:50 Mayi Aakulu: Sindinapepese

09:51 Anti Telala: ndaona

09:51 Anti Telala: musawoloke, kukubwera lole. ndikubwera

09:53 Mayi Aakulu: Duu tereka mkaka pamoto wochepa. Keke musaikhudze nonse awiri

09:53 Mayi Aakulu: Padzenjepo ndithira ndine