Manambala a pa Injini ya Bambo

Torsby, 9 Meyi 1999

Wokondedwa mlongo wanga Torbjörn,

Ndikhulupirira uli bwino ku Canada kumeneko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kukuvuta? Ife kuno tilipo, ayezi wasungunuka pa nyanja. Mayi okha ndiwo akufookerafookera, kudya kwawo n'kolawa chabe.

Khala pansi, nkhani ndili nayoyi si yowerenga uli chiimire.

Mlamu wako Sixten sanasinthe, akaona chitsulo chadzimbiri mtima umamugunda kuposa akaona ine. Mwezi watha anapita ku Norway n'kubwerako ndi injini ya galimoto yakale ya ku Amereka, yomwe anagula kwa mayi wina wamasiye. Anati poti maso anga ndi akuthwa ngati pakamwa panga, ndimuwerengere manambala ake.

Ndinayamba ndi nambala yakumbuyo, yotukuka ija imaumbidwira kumodzi ndi chitsulo ku fakitale. Inasonyeza 1959. Ndinaseka, ndati chaka chake ndi chimodzi ndi galimoto yobiriwira ya bambo. Kenako ndinapala dzimbiri pa kamalo kosalala kakutsogolo, n'kupakapo choko monga ankachitira iwo.

Torbjörn, panatuluka VH 76.

Ukukumbuka kuti bambo akatha kukonza injini ankakhomapo zilembo za dzina lawo, Valter Hedblom, ndi chaka. Tsiku lokhoma nambala imeneyi panchi, kachitsulo kodindira kaja, unagwira ndiwe, iwo akumenya ndi hamala, ndipo 7 anapendekeka chifukwa unanjenjemera. Adakali chipendekere. 6 wawo wobenthuka mchira uja ndi yemweyo.

Injini imeneyi imayenera kukhala pansi pa nyanja. Mu Malichi 1979 tonse tinaona pamene matayala a galimoto ya bambo anadutsa pa ayezi wa pa nyanjapo mpaka kukathera pa dzenje, chipewa chawo chikuyandama pomwepo. Galimoto sinapezeke, thupi silinapezeke, anthu anati paja ndi pakuya.

Koma munsi mwa VH 76 muli mzere wina. VH 86. Dzanja lomwelo, 6 yemweyo.

Bokosi la mapanchi lija linasowa chaka chomwe bambo anasowa chija, mayi n'kukukalipira mpaka unalira, sunataye iwe ayi.

Ndinamupanikiza Sixten kuti andiuze zonse. Akuti mayi wamasiyeyo anamuthirira khofi n'kumamusimbira za malemu mwamuna wake, munthu wa kuno ku Sweden, wosayankhulayankhula, yemwe anafika kwawoko pa galimoto yobiriwira. Akuti ankamwera khofi m'sosala, shuga ataluma ndi mano akutsogolo, ndendende bambo athu. Anamwalira chaka chathachi. Sixten atafunsa ngati bamboyo anali ndi abale, mayiyo anati ayi, wachisoni uja, ankati mkazi wake ndi ana ake awiri anamira m'nyanja.

Anatimiza ife, Torbjörn. Chiyambire kumva zimenezi ndikamayenda m'nyumba ndimadziona ngati mzukwa. Mkwiyo ndili nawo, koma mantha ndiwo akuposa. Injiniyo ndinaifunditsa lona, komabe ndikadutsa pa galaja ndimamva fungo la fodya wawo.

Mayi sakudziwa kanthu. Anauza kale abusa kuti akamwalira asakaikidwe ku manda, koma tikawaze phulusa lawo pa nyanja, pamene panali dzenje paja, akagone pambali pa mwamuna wawo. Akuti wawadikira mokwanira. Adokotala akuti mwina chilimwechi sachimaliza.

Ndiye ndikukupempha, bwera. Usanditumizire maganizo pa foni, bwera ndi miyendo yako, udzagwire 7 wako uja ndi chala, kenako tidzaone limodzi ngati tiwauze kapena tiwaperekeze m'madzi mopanda munthu. Ndekha sinditha. Dzulo ndikuwapesa tsitsi pa windo anandifunsa ngati madzi ayamba kufunda, kuti Valter asamazizidwe. Ndinati eya mayi, ayamba.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, koma za agogo awo usawauze kaye. Mulungu akusunge pa ulendo.

Ndine mlongo wako,
Gunvor