Chinangwa pabwalo la ndege

Chintheche,
Nkhata Bay.
11 Ogasiti.

Wokondedwa mdzukulu wanga Watipaso,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Uli bwanji ku Lilongweko, iwe ndi bambo ako a Bryson ndi mayi ako? Chifuwa chija cha mayi ako chinatha? Ife kuno Chiuta akutisunga. Agogo ako a Olive chiuno n'chomwe chija, m'mawa chimauma, dzuwa likakwera chimamasuka pang'ono. Ine ndi bondo lokha, koma ndikuyenda. Mwera chaka chino wavuta, asodzi akhala masiku anayi osalowa m'madzi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Katatu konse ndaigwira foni kuti ndikuuze nkhani iyi, katatu konse ndangokufunsa za kuzizira kwa ku Lilongwe n'kudula. Zilembo zanga n'za sukulu ya kwacha, uziwerenga modekha. Kalatayi abwera nayo a Aleck, dalaivala wa pa loji ina ku Kande, amene akudza uko Lachisanu kudzatenga alendo. Uwerenge wekha kaye usanawaonetse bambo ako.

Ndibwereze zimene tinapangana, kuti uone kuti ndinamva zonse, sindinalakwe chifukwa cha makutu.

Unati Loweruka pa 6 Sepitembala abwana ako adzakubwereka kandege ka mipando inayi. Udzanyamuka ku Lilongwe dzuwa likungotuluka, mphepo isanadzuke. Udzatera pabwalo lathu lino cha m'ma 8 koloko, n'kutitenga ine ndi agogo ako kuwoloka nafe kupita ku Likoma, ulendo umene unati sukwana ndi theka la ola lomwe. Kumeneko agogo ako akaone mkulu wawo a Bessie, amene sanaonane nawo zaka khumi ndi zitatu, ndipo tsopano sakudzukanso pamphasa. Tikadya nawo chamasana, 2 koloko tinyamuke, udzatitule kuno, iwe ukafike kwanu kusanade poti mabwalo ang'onoang'ono alibe magetsi. Unatinso mafuta udzamwetseratu okwanira ulendo wonse chifukwa kuno kulibe pomwetsera.

Ukudziwa kuti agogo ako sitima sangaithenso ndi chiuno chija. Njira yatsala ndi yako yokhayi.

Kenaka unandiuza kuti eni bwalo, aja anatseka loji yawo zaka zinayi zapitazo n'kupita, akulola kuti utere, koma anati ufunse a Longwe, ndiwo maso athu kumeneko. Ndipo unandifunsa, poti ine ndiye woyang'anira bwalolo. Unati kodi udzu ndi waufupi. Ndinati ndi waufupi, ndimatchetcha. Unati kodi pali chulu kapena maenje. Ndinati chulu ndinagumula, maenje ndinakwirira. Unati mbuzi ndi ng'ombe nanga. Ndinati tsikulo ndidzauza eni ake amangirire. Unati kodi thumba lija losonyeza mphepo lilipo. Ndinati linang'ambika, koma agogo ako asoka lina ndi nsalu yofiira. Zonsezi zinali zoona, mwana wanga, palibe limene ndinanama.

Potsiriza unandituma kuti ndiyende kuchokera kumapeto a kumsewu mpaka kumapeto a kuphiri, ndiwerenge mapazi anga. Ndinayenda. Mapazi akakwana handiredi ndinkatola kamwala n'kuika m'thumba. Nditafika kumapeto ndinapeza timiyala khumi ndi tiwiri, ndipo ndinakuuza choncho. Unasangalala, unati bwalo likadali lonse monga unkalionera uli mwana, pamene unkandithawira kusukulu kudzaona ndege zikutera.

Chimene sindinakuuze ndi ichi. Timiyala tisanu totsiriza ndinatola ndikuyenda m'chinangwa.

Watipaso, pabwalo la ndege pali munda. Ndinalima ndine.

Unafunsa za udzu, za chulu, za mbuzi. Za chinangwa sunafunse, poti ndi munthu wamisala yekha angafunse ngati pabwalo la ndege pali chinangwa. Ine ndinabisala kuseri kwa funso limene sunafunselo. Ndi bodza lomwelo, kaya ndinene bwanji.

Zinayamba chonchi. Ukukumbuka nyanja itakwera inameza munda wathu wa kumunsi, uja tinkalima pafupi ndi bango. Tinatsala ndi kamunda ka kumtunda kokha, kamene sikatifikitsa ndi pa Khirisimasi pomwe. Ine tsiku lililonse ndinkatchetcha bwalo lalitali, lathyathyathya, dothi lofiira labwino, ndege osabwera. Chaka chinatha, china chinatha. Mvula ya chaka chatha itagwa ndinati ndiunde mitumbira iwiri itatu kumapeto kwenikweni, kumene sikuoneka uli pamsewu. Khasu likalowa m'nthaka yogona zaka makumi atatu silifuna kutuluka. Mitumbira itatu ija inabala inzake.

Ndiye kunabwera a Lettie, amasiye aja a pafupi ndi mjigo, amene akulera ana a malemu mwana wawo. Nawonso munda unapita ndi madzi. Anandipeza ndikubzala, anaima, anayang'ana, anati kodi ada Longwe, bwaloli lagawidwa liti ife osamva. Ndikanawakaniza ndi pakamwa pati, khasu lili m'manja? Ndinatenga chingwe n'kuwayezera malo ndekha, kutsogolo kwa munda wanga. Choncho ukachoka kumsewu, nthaka yolimba ndi timiyala tisanu ndi tiwiri. Pamenepo payamba chinangwa cha a Lettie, timiyala tiwiri. Kenaka changa, timiyala titatu, mpaka kumapeto.

Agogo ako ankadziwa za mundawo, anapalira nawo. Koma iwo ankaona ndege zikutera n'kuima zisanafike ndi pakati pomwe, ndiye mumtima mwawo ankati malo otsalawo ndi okwanira. Ine ndi amene ndinkadziwa. Zaka makumi atatu ndaima pabwalo lija. Ndikudziwa kuti kutera ndi kwina, kunyamuka ndi kwina. Kukatentha, ndege italemedwa, imathamanga ngati sikufuna kusiyana ndi nthaka. Ndinaonapo ina itanyamula azungu anayi onenepa ndi zikwama zawo, inadya bwalo lonse, matayala ake anapesa udzu wa kumapeto isanakwere. Ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkakuuza kuti timiyala ndi khumi ndi tiwiri.

Ungafunse kuti nanga ndinkaganiza chiyani. Ndinkati poti unanena kuti udzayamba wazungulira kamodzi kuyang'ana pansi usanatere, udzaona wekha, ndipo iwe wophunzira udzadziwa chochita. Ndinkafuna uzione ndi maso ako uli kumwamba, kuti ine ndisanene ndi pakamwa panga. Akulu anati manyazi anapha lambe. Anga akanapha wina, osati ine.

Amene ananditsegula m'maso ndi a Aleck. Kale ankabwera ndi galimoto kudzatenga alendo pabwalo pomwepa, ndiye atamva kutchalitchi kuti mdzukulu wa a Longwe abwera ndi ndege, anapatuka Lachitatu lapitali kuti aone ngati msewu wolowera ukupitika. Anandipeza ndikupaka laimu miyala ya m'mbali. Tinayenda limodzi tikucheza, mpaka tinafika pa mtumbira woyamba. Anaima. Anavula chipewa, anakanda mutu, anati kodi mwanayo akubwera ndi ndege kapena ndi thirakitala.

Ndinayesa kuseka, sizinatheke. Ndinawauza maganizo anga aja oti udzaona wekha. Anati mwina adzaona, n'kubwerera ku Lilongwe ndi ndege ya eni, mafuta atapsa pachabe, abwana ake n'kumufunsa kuti bwalo lako lija unafufuza kwa yani. Koma anatinso chinangwa chachifupi chotere, masamba atayoyoka ndi chilimwe, munthu ali kumwamba angachiyese udzu. Ndipo anati mwana amene agogo ake amuuza kuti pansi ndi pabwino amayang'ana ndi diso limodzi, poti diso linalo wasiyira agogo akewo.

Mawu amenewo anandilasa. M'mawa mwake ndinatenga khasu ndisanalawe kanthu, ndinazula chinangwa changa chonse. Masiku awiri ndikuzula. Chinali cha miyezi isanu ndi itatu yokha, mizu ngati zala za mwana, yosati n'kuviika kuti upeze ufa wa kondowole wa sabata imodzi. Ndinasalaza mitumbira, ndinapondaponda, ndinasinja pansi ndi chipika. A Aleck atadzeranso analasa ndodo pansi, inalowa mpaka theka osakankha n'komwe. Anati apa tayala likaponda lizama, ndege igwada ndi mphuno, nthaka yotere imafuna mvula yathunthu ndi dzuwa lathunthu kuti igwirane. Anandionetsanso chimene mutu wanga wokalamba sunaone pa changu chija, kuti munda wa a Lettie uli pakati, ndiye ngakhale kwanga kukanalimba ngati simenti, ndege singalumphe chinangwa chawo kuti ikathamangire kwanga. Ndataya chakudya chathu, sindinaonjezere bwalo ndi phazi limodzi.

Ndinapitabe kwa a Lettie. Ndinawapeza akusenda chinangwa choviika pakhonde. Ndinazungulirazungulira, za ana, za mjigo, mpaka anati ada Longwe, nenani chimene mwadzera, mpando wanga ungathe. Nditanena anaika mpeni pansi.

"Munandiyezera nokha ndi chingwe chanu, lero mwasanduka boma? Ndege yanuyo ikatera isiya ufa wa ana awa?"

Ndinawalonjeza kuti azikakumba kumunda kwathu kwa kumtunda. Anaseka, anati kamunda kaja kakulephera nkhalamba ziwiri, kadyetsa bwanji anthu asanu ndi mmodzi. Anatinso ngati mdzukulu wanga amadziwadi kuuluka, aziulukira pamwamba pa chinangwa, iwo sanabzale kumwamba. Sindinawakwiyire. Cholakwa si chawo. Ndipo nditaona zimene zachitika kwanga, ndadziwa kuti ngakhale atazula lero, nthaka yawo idzakhala yofewa chimodzimodzi pa 6 Sepitembala. Ndawauza kuti asazule.

Chovuta kuposa zonse chinali kuwauza agogo ako. Chiyambire pamene unaimba, akhala akukonzekera ngati mkwatibwi. Anagula chitenje cha a Bessie, anayanika usipa wosankha, anauza amayi onse a chigwirizano kuti akupita ku Likoma pa ndege ya mdzukulu wawo. Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mango, ndinawafotokozera zonse, za kunyamuka kwa ndege, za timiyala, za zimene ndinakuuza iwe. Anasalaza chitenje chija pamwendo. Kenaka anati:

"Ndiye mumafuna mundipatse mkulu wanga, mundilande mdzukulu?"

Sanalire, sanakalipe. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kope la nyimbo zawo za kwaya, anang'amba mapepala a pakati, anandiikira pamwendo pamodzi ndi cholembera. Ndiwo mapepala ukuwerengawa.

Tsopano imva zoona zake, ulembe pamene umalemba za ulendo, ufufute zakale zija. Ndayendanso lero m'mawa kawiri, kupita ndi kubwerera. Nthaka yolimba, yotchetcha, yopanda dzenje, ndi mapazi anga mahandiredi asanu ndi awiri, kuonjezapo mapazi makumi awiri. Ukumbukire kuti ndi mapazi a nkhalamba ya bondo, a Aleck atayenda pomwepo anapeza mahandiredi asanu ndi limodzi okha. Utenge awo, osati anga. Kumapeto a kumsewu kuli mitengo iwiri ya bulugamu imene yatalika kuposa kale, sindinakuuzenso imeneyo. Pamene payambira chinangwa ndaika mzere wa miyala yopaka laimu m'mbali zonse ziwiri.

Iwe ndiwe wodziwa masamu ake. Ngati sizikwana, nena kuti sizikwana, usachite manyazi ndi ife monga ndinachitira ine ndi iwe. Agogo ako anena okha kuti ngati n'koyenera akwera galimoto ya a Aleck mpaka kubwalo la ku Mzuzu, adzagona pa matiresi kumbuyo, chiuno chilire chilire. Sindikudziwa ngati mafuta ndi nthawi yako zingalole zimenezo, uone ndiwe.

Koma ngati masamu akuti bwalo lalifupili lingathe ndege ikapepukidwa, ndili ndi pempho limodzi. Undisiye ine. Ndapita kuchigayo ndakwera pa sikelo, ndine makilo 71, nsapato zili kuphazi. Agogo ako ndi 54, kathumba kawo ndi 4. Chotsa 71 ameneyo uone ngati zikutheka. Ndakhala zaka makumi atatu ndikutsekera anthu ena chitseko cha ndege, sindinakhalepo m'kati, ndipo sindibisa, ndinkalilakalaka tsikuli ngati mwana. Koma a Bessie akudikira mng'ono wawo, sakudikira ine. Ine ndidzaima kunja kwa mzere wa miyala, kuyang'anira mbuzi, mpaka mudzabwerere.

Eni bwalo uwauze zoona, kapena undipatse nambala yawo ndiwauze ndekha. Akandichotsa pabwalopo, achita bwino. Ndingopempha kuti a Lettie awasiye akolole.

Ukawerenga undiimbire, ngakhale kungondikalipira. Bambo ako ukawauza, uwauze kuti ndanena ndekha, sanandigwire munthu.

Upereke moni kwa bambo ako ndi mayi ako, ndi azakhali ako a Edith ku Area 25. Agogo ako akuti uzivala juzi m'mawa. Chiuta akusunge pansi ndi kumwamba komwe umayendako, akupatse maso oposa mawu a agogo ako.

Ndine agogo ako,
Peterson Longwe.