Pepala Loti Sanali Bambo Anga

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likutani masiku ano? Mlongo wanga anandiuza kuti mwayambiranso kunyamula zolemera ngati kuti adokotala sanalankhule kanthu. Chonde dzisamaleni. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, n'chifukwa chake ndalemba m'malo moimba foni. Pa foni ndikanangolira mpaka mayunitsi kutha, inu osamva kanthu.

Chibwerereni ku maliro a bambo aang'ono sindinakhale pansi. Mukudziwa kuti awirife tinasiya ntchito ku fakitale ya mipando kuti titsegule pathu pokonzera masofa. Chipinda tinachipeza kuseri kwa sitolo ya matayala. N'chaching'ono, zenera limodzi, koma khomo lake ndi lalikulu moti sofa imalowa osaipendeketsa. Makina awo osokera akadali pakona pomwe anawasiya, ulusi uli m'singano. Ndikalowa ndimangosesa n'kutuluka.

Mwina mumaganiza kuti kuyamba bizinesi ndi kupeza chipinda n'kupachika chikwangwani basi. Inenso ndinkatero. Kuno umayamba wakalembetsa dzina la bizinesi, n'kudikira kuti afufuze ngati wina sanalitenge kale. Akakupatsa chiphaso cha dzinalo, umapita nacho ku ofesi ya msonkho kukatenga nambala. Ukachoka uko ndiye ku khonsolo, ndipo iwo amayenera kudzaona chipindacho asanapereke laisensi. Ofesi iliyonse imafuna pepala la ofesi inzake. Bambo aang'ono ankaseka tili pamzere, ankati nsapato zathu zitha bizinesi isanabadwe.

Za dzina ndi za msonkho tinamaliza iwo ali moyo. A khonsolo anabwera, anayang'ana mawaya a magetsi, n'kutiuza kuti tigule chozimitsira moto chifukwa siponji ndi guluu sizichedwa kuyaka. Tinagula, bambo n'kuchipachika okha pafupi ndi khomo. Tinkangodikira kuti anthuwo abwerenso pamene matenda aja anawagwetsa.

Tsopano mvetserani pamene panalakwika. Pa fomu yoyamba ija panali mzere wofunsa ubale wa eni ake a bizinesi. Iwo analemba kuti ine ndine mwana wawo, ine n'kulemba kuti iwo ndi bambo anga. Sitinaganize kawiri. Nanga tikanalemba chiyani, Amayi? Munthu amene ananditenga bambo ondibereka atamwalira ndisanayambe n'komwe sukulu, amene anandiphunzitsa kugwira singano yokhota, amene ankandikalipira ndikachedwa kubwera kunyumba, ndikanamutcha ndani?

Nditabwerako ku maliro ndinapita ku ofesi ya mayina ija ndi chiphaso cha imfa, kuti bizinesi ikhale m'dzina langa ndekha. Kalaliki wake, mayi wina wamagalasi, anapempha chiphaso changa chobadwira. Anachiika pambali pa fomu ija, n'kuona kuti dzina la bambo likusiyana. Anandifunsa kuti bambo anga enieni ndi ati. Ine ndinati onse awiri. Anthu pamzere anaseka.

Ndinamufotokozera kuti mng'ono wawo wa bambo ndi bambo, palibe dzina lina. Iye anati akumvetsa, koma lamulo silidziwa bambo wamkulu kapena wamng'ono, limadziwa bambo mmodzi wobereka. Anati zimene tinalembazo zikuwerengedwa ngati bodza, ndipo faelo yonse yaima, laisensi yomwe, mpaka zikonzedwe. Mukundidziwa pakamwa panga. Nditamva mawu oti bodza, ndinamuyankha zoti sindingazilembe pano. Munthu amene sanabepo ngakhale msomali wa ku fakitale, lero atchedwe wabodza ali m'manda!

Ndinabwererako mawa lake kukapepesa. Mayiyo sanasunge mangawa. Anandiuza motsitsa mawu kuti iyenso analeredwa ndi mayi ake aakulu, ndipo anandilongosolera njira. Ndiyenera kukalumbira kwa loya kuti zimene tinalemba zinali zolakwika. Komanso mayi aang'ono, poti ndiwo mkazi wa malemu, asaine pepala lovomereza kuti gawo la amuna awo ndilipitirize ine. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ku ofesi kuja mwambi alibe poudinda chidindo.

Nthawi ndiyo ikundithera. Popanda laisensi sindingatsegule, chifukwa a khonsolo akakupeza amakhoma loko wawo pachitseko. Mwini nyumba wandiuza kuti mwezi uno ukatha chipinda chili chotseka, achipereka kwa wamatayala uja, amene akuchifuna kuti azisungiramo katundu. Si munthu woipa, anabwera ndithu kudzapepesa maliro, koma akuti sakufuna chipinda chongokhala osagwiritsidwa ntchito. Muli sofa ya mphunzitsi wina imene tinaisenda nsalu bambo asanadwale. Mwini wake akadutsa amangosuzumira pazenera, ndipo ine manyazi amandigwira. Chipindachi chikapita, makina aja akalowa kunsi kwa bedi langa, ndipo sindikudziwa kuti ana amene bambo asiya ndidzawathandiza ndi chiyani.

Ndisakubisireni, panja pa ofesi paja pali anyamata ovala mataye amene amati amathandiza anthu. Mmodzi ananditsatira mpaka pokwerera basi. Anati angathe kundipezera chiphaso china chobadwira, chokhala ndi dzina la bambo aang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi, nambala yake ya foni ndinailandira. Sikuti ndinkaganiza za laisensi ayi, ndinkangofuna kuona dzina lawo litalembedwa pamwamba pa langa. Koma m'basi muja ndinakumbukira kuti kutero ndi kufufuta amuna anu, bambo amene anandibereka, amene nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi chili m'chipinda mwanu. Kulikonse kumene ndingalowere, ndikukana mmodzi. Nambala ya mnyamatayo ndinaitaya.

Kwa loya ndinapita sabata yatha. Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala, masitepe ake amdima. Mpando umene anandikhazikapo unali wong'ambika m'mbali, siponji ili panja, ndipo manja anga ankangofuna kuukonza. Analemba zonse bwinobwino, kenako anandiuza kuti ndiimirire, ndikweze dzanja, ndinene motsatira iye.

"Ndikulumbira kuti malemuwa sanali bambo anga."

Ndinanena chapansipansi. Loya anati sanamve, ndikweze mawu. Ndinabwereza, mokweza, mpaka mlembi wake anasiya kutaipa. Anadinda chidindo, n'kundiuza kuti zatheka, ndayenda bwino. Ndinatsika masitepe aja n'kukhala pa sitepe yomaliza, anthu ogula mankhwala akundilambalala. Pa maliro paja ndinali wotanganidwa ndi kulandira anthu, sindinalire mokwanira. Ndinalirira pamenepo.

Pempho langa ndi limodzi. M'envelopu muno muli pepala loti mayi aang'ono asaine, kapena adinde chala, pamaso pa mboni. Pepalali likunena mawu omwe aja, kuti ine si mwana wa amuna awo. Mukudziwa kuti maso awo savomera zilembo zazing'ono, ndipo adzaitana mwana kuti awawerengere. Chonde, Amayi, zisatero. Mupite nokha, mukhale nawo pansi awiriwiri, muwafotokozere kaye zonse ndalembazi musanatulutse pepalalo. Mayi amene ankandimeta tsitsi ndi kundichapira yunifolomu asamve kuchokera pakamwa pa mwana kuti ndawakana, maliro asanazizire n'komwe.

Akakana kusaina, musawakakamize. Chipinda chipite, ndidzaona pogwira. Akavomera, mlongo wanga alitumize msanga pa basi mwezi usanathe. Ndipo akakufunsani ngati mawu amenewa ndinawanenadi ndi pakamwa panga, musawanamize. Muwauze kuti ndinawanena, kawiri.

Mupereke moni kwa mlongo wanga ndi mlamu, kwa azakhali, ndi kwa amalume amene ndamva kuti chifuwa chawavutanso. Moni wapadera kwa azing'ono anga ndi alongo anga, ana a bambo aang'ono. Pa pepalapo loya wawalemba kuti ndi abale chabe, ndiye mzere umenewo muudumphe powerenga. Muwauze kuti mkulu wawo akuwasowa.

Mutsale bwino, Amayi, muzindikumbukira m'mapemphero.

Ine mwana wanu woyamba,
uja mumati Kamakani