Chifukwa Chake Esnati Palibe pa Chithunzi

Area 3, Lilongwe
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Ezekiel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Karongako pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija linasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti fumbi ndi kutentha.

Uthenga wanu wa pafoni ndaumvetsera katatu. Mwati mwaona chithunzi cha atsikana omaliza maphunziro a kompyuta, mwawerenga nkhope zonse, ya mwana wanu Esnati palibe. Ndiye mwalamula kuti ndimukweze basi Loweruka, popeza zamukanika, azikathandiza mayi ake m'golosale. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu.

Bungwe lophunzitsa atsikanawo lili mumpanda ku Area 10, ndipo pageti analembapo zotukula amayi pa luso lamakono. Atsikana makumi awiri anapita kumeneko miyezi isanu ndi umodzi. Mphunzitsi wawo, bambo wa madigiri awiri, ankatulukira Lachiwiri lokha, kuwerenga zolembalemba pakhoma, basi n'kumapita. Ntchito imeneyo ndinaifunsira ine, koma anandiyankha kuti wopanda pepala sangaphunzitse. Makompyuta awo akafa, pepalalo amaliiwala, amaimbira ine.

Kutatsala milungu itatu kuti alendo opereka thandizo abwere, mkulu wa bungwelo, mayi Immaculata, anaima pakashopu kanga kokonza makompyuta osatsika n'komwe m'galimoto. Tsiku limenelo ndinasanduka mchemwali wawo. Anati alendo akufuna kuona mtsikana aliyense ndi pulogalamu yolemba yekha, koma anawo sanakonzeke. Anandipempha kuti ndiwalembere onse mwakachetechete, ndipo gulu lotsatira ndidzaphunzitsa ndine.

Achimwene, ndinavomera. Palibe anandikakamiza. Ndinkafuna aone kuti mkazi wosamaliza sukuluyu angachite m'milungu itatu zimene zinakanika wamadigiri wawo.

Ndinalemba mapulogalamu khumi ndi asanu ndi anayi. Wa makumi awiri sindinalembe chifukwa Esnati anakana. Anati ali ndi wake.

Mwanayu masana onse amakhala pashopu kundivutitsa ndi mafunso. Pafupi nafe pali a Hamdani, telala wachikulire amene kope lake la miyeso ya makasitomala linanyowa ndi mvula. Esnati anawapangira kapulogalamu kosunga miyeso pafoni, kamene kamatumizanso uthenga kwa mwini chovala chikatha kusokedwa. N'kosaoneka bwino, zilembo zakuda pamalo oyera basi. Koma a Hamdani akukagwiritsa ntchito mpaka lero.

Mwambo unachitikira kuhotela ina ku City Centre. Atsikana anawaveka matisheti a pinki, n'kuwaphunzitsa kumwetulira chala chitaloza pakompyuta. Ndicho chokha chimene anaphunzitsidwa mokwanira. Mayi Immaculata ataona ntchito ya Esnati anakwinya nkhope, nati ichititsa bungwe manyazi. Anamuuza asankhe, kuimirira pa pulogalamu yokongola ya mnzake ngati anapangira limodzi, kapena kuiwala za satifiketi. Esnati anavula tisheti ija, imene anavala pamwamba pa bulauzi yake, kuipinda bwinobwino, n'kudzakhala ndi ine kumbuyo komwe ndinkalondera mawaya.

Mlendo wina anafunsa mtsikana wina kuti batani lofiira limagwira ntchito yanji. Mwana wa eni anacheukira kwa mkulu wa bungwe uja. Mayi Immaculata analumphira n'kuyankha okha, nati atsikana athu ndi amanyazi, ndi chikhalidwe chathu. Anthu anaseka, anaomba m'manja, anapita kukadya masamusa. Batani limenelo ndinaliika ndine, ndipo mwanayo ndinamuimika pamenepo ndine.

Apo m'pamene mwana wanu anandinong'oneza kuti azakhali mwapambana, lero mwamaliza sukulu maulendo khumi ndi asanu ndi anayi.

Ndiye chithunzi mukuchiwerengacho muchiwerengenso bwino. Onse ali pamenepo anyamula ntchito yanga. Yekhayo amene anagwira yake ndi amene palibe.

Mayi aja sanandiimbirenso, ndipo akaimba ndili nawo mawu. Koma atsikana atatu a pachithunzipo anabwera pashopu sabata yatha, mwamanyazi, kudzapempha kuti ndiwaonetse mmene mapulogalamu awo aja amagwirira ntchito. Awiri ndikuwaphunzitsa ine. Wachitatu akumuphunzitsa Esnati.

Tsopano ndikukumbutseni. Bambo atadwala ndinali chaka chachitatu ku yunivesite, inu chachinayi. Munati wodwazika matenda ndi mwana wamkazi, ndipite kaye kumudzi, sukulu siithawa. Ndinakwera basi Loweruka. Inu munamaliza, chithunzi chanu cha mkanjo chili pakhoma. Ine mpaka lero ndimalowa m'mahotela ngati wa mawaya.

Sindikukupemphani chilichonse koma chimodzi. Musamuimbire mwanayu kumuuza kuti walephera. Amakuopani, ndipo mukanena kawiri adzalongedza. Ngati mukumufunadi, bwerani nokha mudzamutenge, koma muyambe mwadzera kwa a Hamdani akuonetseni foni yawo. Ine kudepoti sindimuperekeza.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Chipulikano ndi kwa Lekani. Mulungu akusungeni, ndipo bondolo mupite nalo kuchipatala, musamangolimanga nsalu.

Ndine mlongo wanu, yemwe uja wa basi ya Loweruka,
Bernadetta