Tiyanjane Anayimba Pamaliro a Bambo Ake

Govanhill, Glasgow

Okondedwa alamu a Tadeyo,

Muli bwanji kumeneko ku Namitambo, inu ndi apongozi? Miyendo yawo ija ikuwalola kuyenda? Kuno tilipo, poti tikudzuka. Thupi la mng'ono wanu Ellard likadali kumochale, mapepala olitumizira kumudzi atha. Ndalemba chifukwa pafoni simundipatsa mpata womaliza mawu.

Uthenga wanu ndaumva, woti mwana wanga Tiyanjane asabwere ndi maliro chifukwa wanyoza mtundu. Alamu, munaona kavidiyo kochepa pa WhatsApp. Ine ndinalipo.

Loweruka masana a mpingo anatichitira mapemphero mu holo ya tchalitchi. Amayi ankayimba, ife anamfedwa tili pansi. Kenaka Tiyanjane anangodzuka, kutsinzina, n'kuyamba nyimbo yakale ya kuno, ya mkazi woyembekezera msodzi amene nyanja inamutenga. Yekhayekha, popanda choyimbira, m'Chingerezi chawo cha kuno chomwe ngakhale ine chimandisokoneza. Palibe anavomera, sitinkadziwa povomerera. Diso lake linali gwa.

Ndikudziwa, kwathu mwana wofedwa sayimba. Amalira, ena n'kumamuyimbira. Manyazi anandigwira, sindikana. Koma ndani anamuphunzitsa zimenezo? Anabadwira konkuno, maliro a kwathu sanawaonepo.

Nyimbozo anamuzoloweretsa ndi Ellard yemweyo. Akaweruka kuchipatala ku Govan, ankapita naye kukaholo kena kumene nkhalamba zimakhala mozungulira n'kumayimba mmodzimmodzi. Ine ndinkawaseka kuti akukamvera azungu akubuula. Tsiku lina ndinawatsatira. Mayo ine! Munthu kuyimba za mwana wofera mumgodi, mawu akunjenjemera ngati mayi wolira pasiwa. Ellard anandinong'oneza kuti anthu awa salira mokuwa ngati ife, kulira kwawo n'komweku.

Tiyanjane atangomaliza, mayi Doreen a chigwirizano ananena mokweza kuti uyu si Mmalawi, ndi mzungu wakuda, mwana wanji wosagwetsera bambo ake msozi. A Bruce, nkhalamba ya kukaholo kaja, poyesa kumuteteza anati inde, ameneyu ndi woyimba wa Scotland weniweni, ndi wawo. Anaganiza kuti akumuyamikira, osadziwa kuti akuwonjezera moto. Mnyamata wina wa ku yunivesite anati pasipoti ndi imene imanena. Anthu akulu kukangana za mwana wanga iye ali pomwepo, chithunzi cha bambo ake chili patebulo!

Chonsecho chaka chatha, kumpikisano wa nyimbo zakale za kuno, mzimayi wina wa kuno anamuuza kuti mawu ali nawo, koma nyimbozi si za makolo ake, akayimbe za ku Africa. Anabwera akulira. Bambo ake ndiwo anamutonthoza.

Uthenga wanu wamawu uja ndinautsegula pafoni Tiyanjane ali pafupi. Chichewa amayankhula chothyokathyoka, koma amamva chonse. Anangofunsa ngati agogo nawonso atero. Kuyambira pamenepo sakudya. Misozi imene mumaifunayo ilipo, alamu, ndimaimva m'bafa akatsegula madzi kuti ndisamve.

Ndikupempha, mulekeni abwere. Akafika ndidzamukhazika pakati pa azakhali ake, amuonetse pokhala ndi polira. Akafuna kuyimba kumanda, mudzamuletse bwinobwino, adzamva. Koma musamutsekere kunja.

Mukakanabe, ndinene poyera kuti musadzati ndinakubisirani. Sindikweza bokosi m'ndege mwana wake n'kutsala pabwalo. Ellard ndidzamuika konkuno, m'dothi lonyowa la Glasgow, pamene Tiyanjane angamakafikepo pabasi. Ndikudziwa kuti apongozi sadzandikhululukira, ndipo zikundiwawa. Oyendetsa maliro akufuna yankho Lachinayi.

Mundiperekere moni kwa apongozi, ndipo kalatayi muwawerengere yonse, osadumpha. Moni kwa mayi a Isaac ndi ana. Mulungu akugwireni dzanja pamene mukuganiza.

Ndine mlamu wanu wosweka mtima,
Dorica, mayi a Tiyanjane