Ndege Yanu Idakali M'shedi

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Yambani mwaseka kaye. Wofuna kugula ndege yanu atafika m'mawa uno, ine ndinathamangira bambo wa suti n'kumuthira maphunziro anga onse a ku koleji: injini ya dizilo imamwa pang'ono, mafuta ake savuta kupeza, zakutizakuti. Nditauma kukhosi, iye anati, "Bwana ndi awo." Anali dalaivala. Bwanayo anali mdala wa jombo amene ndinali nditangomuthamangitsa pa mgolo wa oyilo.

Mdalayo ali ndi minda kutali ndi msewu, ndipo kandege kake kakale kamatenga madokotala kupita nawo kumeneko. Anazungulira yanu katatu, manja kumbuyo.

"Dizilo? Mwana wanga, ya thirakitala ija?"

"Ayi bambo, iyi imamwa mafuta a ndege zikuluzikulu."

"Nanga bwanji ikununkha ngati nyali ya agogo?"

Ameneyu ndi wachisanu, Achimwene. Onse amabwera akudandaula mtengo wa petulo, koma akamva za dizilo amabwerera m'mbuyo ngati ndawaonetsa njoka. Anzake aja ankachoka msanga. Uyu ayi. Anamwa tiyi wanga, anadya buledi wanga, anawerenga buku la injini tsamba ndi tsamba akunyambita chala. Dalaivala anagona m'galimoto kukamwa kuli yasa.

Ndikudziwa kuti mwini shedi akufuna malo ake mwezi ukatha, ndiponso kuti chilekereni kuuluka chifukwa cha maso, ndegeyi ndiyo yatsala yoti ikuthandizeni. Sindinaiwale kuti ndine ndinakunyengererani kuchotsa injini yakale n'kuika ya diziloyi. N'chifukwa chake ndinagwira mawu anu: kamba za mafuta basi, zina usaziyambe.

Sindinaziyambe ine. Cha m'ma fili koloko anatseka buku n'kundifunsa, "Yanga ija, magetsi akathima m'mwamba, injini imangolirabe. Nanga iyi?"

Ndinamuuza kuti ili ndi batire lachiwiri, lodikirira.

"Nalonso likatha?"

Ndinayang'ana masipanala pakhoma ngati andiyankhira. Kenako ndinati, "Imazima, bambo. Imayendetsedwa ndi kompyuta. Batirelo limakupatsani nthawi yoti mutere, koma likatha, yatha."

Ndinawonjezera kuti zimenezi sizichitika wamba, kuti ine ndimaikhulupirira, kuti mawaya ake ndinawagwira ndi manja angawa. Anangoti, "Thiranso tiyi." Anakhala ola lina akundisimbira za mawondo ake. Ine msana ukuwawa, m'mimba mukulira, ndikumwetulira ngati mkamwini.

Potsiriza anaimirira, natenga chipewa.

"Ndayenda kwa ogulitsa ambiri. Aliyense injini yake siifa. Iwe wekha wandiuza chimene chimapha yako."

Mtima unadumpha, Achimwene. Ndinayamba kupukuta dzanja pa ovolosi, poganiza kuti tigwirana chanza cha malonda.

"Ndegeyi sindigula. Ndakalamba, sindingayambe lero kudalira kompyuta. Koma yanga ija ndibweretsa Lolemba, uzindikonzera ndiwe."

Anagogoda pa windo kudzutsa dalaivala, napita.

Ndiye mwamva: ine ndapeza kasitomala, inu mwataya wogula. Mukafuna kundikalipira, imbani Lamlungu, ndidzakhala nditapuma. Moni kwa alamu ndi ana. Mankhwala a m'maso aja muzithira, musamachite makani.

Ndine mng'ono wanu,
makaniko wopanda nzeru za malonda.